Mphamvu Zanga, Mabala a Mng'ono Wanga



Sabata ino ndikufuna ndikuuzeni za cholakwa chimene ndidachita pa tebulo la masewera, ndiponso za munthu amene adalipira cholakwacho m'malo mwanga. Ena mwa inu mudabwa kumva kuti munthu wamkulu ngati ine ndimakhala pansi n'kumasuntha tizidole ndi makhadi. Ndipirireni mpaka kumapeto, pakuti zimene ndidaona pa tebulopo zidandisowetsa tulo usiku wathunthu, ndipo ndikukhulupirira kuti wina mwa inu adziona yekha m'nkhaniyi.

Masewera ake ndi otchedwa Gloomhaven. Adawakonza ndi Isaac Childres wa ku America, ndipo kampani yake ya Cephalofair Games idawatulutsa m'chaka cha 2017. Bokosi lake limalemera pafupifupi makilogalamu 10. M'kati mwake muli nkhondo 95 ndi mitundu 17 ya asilikali aganyu, ngakhale kuti poyamba mumaloledwa kusankha pakati pa mitundu 6 yokha. Kuyambira kumapeto kwa 2017 mpaka kumayambiriro kwa 2023, masewerawa ndiwo adali pamwamba pa onse pa mndandanda wa BoardGameGeek, kumene okonda masewera a pa tebulo amaponya mavoti awo. M'chaka cha 2025 kudatuluka kope lachiwiri limene lidasintha zinthu zambiri, koma ziwerengero zimene nditchule pano ndi za kope loyamba, limene ife tidasewera.

Mu bawo kapena mu dirafuti, chimwemwe chako chimachokera pa kulira kwa mnzako. Mu Gloomhaven zinthu sizili choncho. Onse okhala pa tebulo ali mbali imodzi, ndipo adani awo, achifwamba, mafupa oyenda ndi zilombo zina, amayendetsedwa ndi makhadi awoawo motsata malamulo. Mukapambana mwapambana nonse, mukagonja mwagonja nonse. Ife tidalipo anayi: ine, mng'ono wanga, mlamu wanga, ndi msuweni wathu amene adabwera nalo bokosilo pochokera kumaphunziro kunja. Tinkakumana Loweruka lililonse madzulo. Pa nthawiyo n'kuti mng'ono wangayo atatha zaka ziwiri akuponya makalata ofunsira ntchito popanda yankho. Adali atayamba kudzitsekera m'nyumba, ndipo Loweruka madzulo ndiyo idali nthawi yokhayo imene ndinkamumva akuseka.

Kuti mumvetse kumene ndidalakwa, ndiyenera kufotokoza pang'ono mmene masewerawa amayendera. Msilikali aliyense ali ndi makhadi owerengeka a m'manja. Mng'ono wanga adasankha Brute, chimphona chimene chimaima kutsogolo n'kumalandira mikwingwirima, ndipo chili ndi makhadi 10 ndi mapointi 10 a moyo. Msuweni adatenga Spellweaver wa makhadi 8, mlamu adatenga Scoundrel wa makhadi 9, ndipo ine ndidatenga Tinkerer, kamunthu kopangapanga zipangizo, kamene kali ndi makhadi 12, angapo mwa iwo ochizira anzake. Pa ulendo uliwonse umaponya makhadi awiri, n'kuchita zolembedwa kumtunda kwa limodzi ndi kumunsi kwa linalo. Makhadi akakuthera m'manja umapumula kuti uwatolenso, koma kupumula kulikonse kumakulanda khadi limodzi mpaka nkhondoyo ithe. Makhadi amphamvu kwambiri nawo amatayika ukangowagwiritsa ntchito kamodzi. Pali lamulo linanso limene ndikupemphani mulisunge m'mutu: mdani akakumenya, ungathe kuzemba bala lonselo mwa kutaya khadi limodzi la m'manja. Ukafika posowa makhadi awiri oponya, msilikali wako walefuka, amachoka pa bwalo, ndipo iwe umangokhala n'kumaonerera anzako.

Motero makhadi ndiwo mpweya wa msilikali. Amene ali ndi makhadi 10, ngati sataya lililonse kupatula la popumula, angathe kuponya maulendo 25. Wa makhadi 12 angafike maulendo 36, pamene wa makhadi 8 amalekezera pa 16. Khadi lotayika kumayambiriro kwa nkhondo limapita ndi maulendo anayi kapena asanu, pamene lotayika kumapeto limapita ndi umodzi wokha. Ziwerengero zimenezi ndidazidziwa mochedwa.

Tsono chimene chimakoka anthu m'masewerawa ndi kukula kwa msilikali. Amakula m'njira zingapo. Akasonkhanitsa mapointi 45 a luso amakwera pa msinkhu wachiwiri, akafika 95 wachitatu, akafika 150 wachinayi, mpaka msinkhu wa 9 umene umafuna mapointi 500. Pa msinkhu uliwonse watsopano amakuikira makhadi awiri patsogolo kuti usankhepo limodzi. Amakupatsanso mwayi wochonga kabokosi kamodzi pa pepala lako, chimene buku la malamulo limachitcha perk, ndipo kawirikawiri kabokosiko kamasintha kamulu kako ka mwayi. Kamulu kameneka kali ndi makhadi 20, ndipo umavundukula limodzi nthawi iliyonse pamene ukumenya mdani. Asanu ndi limodzi sasintha kanthu, asanu amawonjezera 1, asanu amachotsa 1, limodzi limawonjezera 2, limodzi limachotsa 2, limodzi limachulukitsa mphamvu kawiri, ndipo limodzi limaphonyetsa kotheratu. Njira ina yokulira ndi ya ndalama zagolide, zogulira zida mu mzinda. Mudziwenso kuti malamulo salola kupatsana ndalama kapena zida. Chimene wasankha ndi chako, ndipo palibe amene angakusankhire.

Pamenepa ndi pamene ndidapunthwira. Tsiku loyamba aliyense adalandira ndalama 30. Ine ndidazithera zonse pa magalasi otchedwa Eagle-Eye Goggles, amene amakulola kuvundukula makhadi awiri a mwayi n'kutengapo labwino. Magalasiwo si oipa ayi, ndipo osewera ambiri amawayamikira. Koma pa ndalama zomwezo ndikadatha kugula nsapato za ndalama 20 zimene zimawonjezera masitepe awiri, ndi kabotolo ka mankhwala ka ndalama 10 kobwezera makhadi awiri m'manja. Kamunthu kanga kadali koyenda pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ake safika patali. Nthawi zambiri mng'ono wanga akatsekula chitseko n'kukumana ndi adani, ine ndinkapezeka kumbuyo ndi masitepe awiri, magalasi ali kumaso, mankhwala ali m'thumba.

Nditafika pa msinkhu wachiwiri, pepala langa lidandipatsa mwayi wochotsa makhadi awiri a -1 m'kamulu kanga, kapena kuwonjezeramo khadi limodzi la +3. Sindidaganize kawiri. Ndani angasangalale ndi kuchotsa pamene kuwonjezera kulipo? Ndidachonga +3, ndipo pa msinkhu wachitatu ndidachonganso khadi lina lowonjezera 1 limene limasiyira mdani chilonda. Posankha makhadi atsopano a m'manja ndidatsata njira yomweyo: kawiri konse ndidatenga khadi lochititsa kaso limene limatayika ukangoligwiritsa ntchito. Ndipo popeza chiwerengero cha makhadi a m'manja sichikula, khadi latsopano likalowa lina liyenera kutsala m'bokosi. Amene ndinkawasiya adali ochizira aja, chifukwa ndinkawaona ngati ozizira.

Padalinso chifukwa china chimene ndinkachibisa ngakhale kwa ine mwini. Makhadi otayika kawirikawiri amapereka mapointi a luso ochulukirapo. Ndikawaponya atatu m'chipinda choyamba, adani ankagwa, anzanga ankaomba m'manja, ndipo mapointi anga ankakwera. Ndidafika pa msinkhu wachitatu anzanga onse akadali pa wachiwiri, ndipo ndinkadzimva kuti ndine katswiri wa pa tebulopo. Chimene sindidachilabadire ndi mmene mphamvu za adani zimawerengedwera. Mumaphatikiza misinkhu ya osewera onse, kugawa ndi chiwerengero chawo, kugawanso pawiri, ndipo kachidutswa kakatsala mumakwezera m'mwamba. Tonse anayi tili pa msinkhu wachiwiri, adani adali pa mlingo woyamba. Ine ndekha nditakwera, chiwerengerocho chidadumphira pa mlingo wachiwiri. Adani adalimba, mikwingwirima yawo idakula, misampha idayamba kulanda mapointi 4 m'malo mwa 3. Akulu adati walira mvula walira matope. Kwa ife zidali zopweteka koposa, pakuti mvula ndidalira ndine, koma matope adagwera amene adaima kutsogolo.

Loweruka limene sindidzaliiwala tidali kubwereza kachitatu nkhondo imene idatikanika. Malamulo salola kuuza anzako nambala yeniyeni ya khadi lako kapena kuwerenga zolembedwapo. Ungangonena mwachidule kuti uyenda msanga kapena mochedwa, ndi amene ukufuna kumumenya. Nchifukwa chake mawu a mnzako amakhala ngati lonjezo limene iwe umamangapo dongosolo lako. M'chipinda chachiwiri mudali woponya mivi amene adatsala ndi mapointi atatu a moyo, ndipo khadi langa lidali la mphamvu zitatu.

"Uyo wa mivi musiyireni ine," ndidatero. "Iwe pita ukatseke njira."

Mng'ono wanga adandikhulupirira. Adasiya khadi lake lodzitetezera, napita patsogolo kukatchinga msuweni wathu. Ine ndidavundukula khadi la mwayi, ndipo lidali -1. Magalasi aja n'kuti nditawagwiritsa kale ntchito m'chipinda choyamba. Woponya miviyo adatsala ndi pointi imodzi, ndipo mdani wa pointi imodzi amalasa chimodzimodzi ndi wamoyo wonse. Adalasa mng'ono wanga, amene kuti asagwe adataya khadi la m'manja. Limenelo lidali lachitatu kutaya mwa njira imeneyi usiku womwewo. Tisanafike pa chitseko chomaliza adalefuka, nakhala pafupifupi ola lathunthu manja ali pachifuwa, akuyang'ana ife tikulimbana mpaka nafenso tidagonja.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi chakuti ndidamulangiza. Ndidamuuza kuti aziphunzira kusamala makhadi ake. Iye sadayankhe. Adavala nsapato zake, naima pakhomo.

"Achimwene, sabata yamawa musandidikire," adatero motsitsa mawu. "Kulikonse kumene ndapita andiuza kuti sindikukwanira. Sindingamayende mtunda wonsewu kudzamvanso zomwezo pa makhadi."

Atapita, tidakhala chete. Mlamu adayamba kulongedza tizidole. Msuweni wathu, amene ntchito yake ndi yowerengera ndalama, adatenga kamulu kanga ka mwayi n'kuyala makhadi onse pa tebulo, abwino mbali ina, oipa mbali ina.

"Asuweni, tiyeni tiwerenge limodzi," adatero. "Muli ndi makhadi 22. Oipa alipo 7, monga momwe adaliri tsiku loyamba. Ndiye kuti mukalonjeza katatu, kamodzi mutinamiza. Mukadachonga kawiri konse kabokosi kochotsa, bwenzi muli ndi makhadi 16, oipa atatu okha, ndipo bwenzi mukuphonya lonjezo kamodzi pa kasanu. Nanga +3 wanuyu watuluka kangati usiku uno?"

Adatuluka kamodzi, pa chigawenga chimene chidali chitatsala ndi pointi imodzi, chimene chikadagwa ngakhale ndi khadi wamba. Msuweniyo sadalekere pomwepo. Adatsekula bokosi, natulutsa makhadi anga ochizira amene ndidawasiya, n'kuwaika pafupi ndi makhadi atatu amene mng'ono wanga adataya. Sadanenenso kanthu, ndipo padalibe chifukwa choti anene. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Usiku umenewo ndidalingalira kwambiri. Ndinene mwachilungamo kuti ukaphatikiza mphamvu zonse za m'kamulu n'kugawa, khadi limodzi la +3 silichepa poyerekeza ndi kuchotsa makhadi awiri a -1. Ndiponso kamulu kakachepa, khadi lophonyetsa lija limatuluka pafupipafupi, ngakhale kuti lochulukitsa kawiri nalonso limatero. Munthu wosewera yekha angathe kukonda njira iliyonse mwa ziwirizi. Koma ine sindinkasewera ndekha. Mphamvu yopitirira muyeso imangotayika, chifukwa mdani wa mapointi atatu safa kawiri ukammenya ndi asanu ndi imodzi. Kuperewera ndi pointi imodzi ndiko kumasiya mdani wamoyo, ndipo wolipira amakhala amene waima pafupi naye. Khadi lililonse la -1 limene ndidakana kulichotsa linkatuluka m'kamulu kanga, koma linkalipiridwa kuchokera m'manja mwa mng'ono wanga. Iye ankapita kunyumba akudziyesa wosewera woipa, pamene ine ndinkapita ndi mapointi.

M'mawa mwake ndidapita kumene amakhala. Ndidampeza akuchapa panja.

"Ndabwera kudzapepesa," ndidatero. "Makhadi unkataya aja, wokutayitsa ndidali ine. Iwe unkasewera bwino."

Adandiyang'ana kwa kanthawi, thovu lili m'manja. "Achimwene, mwayenda ulendo wonsewu chifukwa cha makhadi?"

Ndidamuyankha kuti inde, ndipo ndidamufotokozera ziwerengero za msuweni uja. Adamvetsera, nafunsa mafunso awiri kapena atatu, ndipo pomaliza adati aganiza. Loweruka lotsatira adabwera mochedwa, koma adabwera.

Kabokosi ukachonga wachonga, sikafufutika. Chida ukachigulitsa amakubwezera theka la mtengo wake. Choncho sindikadatha kubwerera m'mbuyo, koma ndikadatha kusintha zakutsogolo. Ndidabwezera makhadi ochizira m'manja, n'kusiya m'bokosi ena mwa otayika aja. Ndalama zotsatira ndidagulira nsapato zija ndi kabotolo ka mankhwala. Tidagwirizananso kutsitsa mlingo wa adani ndi sitepe imodzi pa nkhondo imeneyo, chinthu chimene malamulo amalola, ngakhale kuti kale ndinkachiyesa chamanyazi. Tidapambana mng'ono wanga atatsala ndi makhadi awiri m'manja, akadali chiimire kutsogolo. Nditafika pa msinkhu wachinayi ndidagwiritsa ntchito lamulo limene ndinkalinyoza, lakuti ungathe kubwerera kukatenga khadi la msinkhu wotsika limene udalisiya. Ndidatenga lochizira limene ndidalikana kale. Timabokosi tiwiri totsatira ndidachonga tochotsa, ndipo kamulu kanga kadatsika kufika pa makhadi 18, oipa atatu okha. Kuyambira pamenepo ndikati "musiyireni ine", anzanga ankatha kutembenuka mtima uli m'malo.

Pa zimenezi ndidatolapo mfundo zingapo zimene ndikufuna ndikusiyireni, makamaka inu amene mumasewera masewera otere.

Choyamba, musanasankhe mphamvu yatsopano, dzifunseni chimene chidagonjetsa gulu lanu ulendo watha. Kodi adani adakuchulukirani, kapena makhadi adakutherani musanafike kumapeto? Kodi wina adagwa msanga, kapena mudachedwa kufika pamene mumafunika? Yankho lake ndilo likuuzeni choti mugule. Gulu limene limagonja chifukwa cha kulefuka silipulumuka ndi lupanga lalikulu. Likusowa kabotolo ka ndalama 10 kamene aliyense amakadutsa mu sitolo.

Chachiwiri, musanyoze kuchotsa. Khadi lonyezimira limaoneka likatuluka, ndipo onse amakuwa. Khadi loipa limene udalichotsa silioneka, palibe amene angakuyamikire chifukwa cha tsoka limene silidachitike. Nchifukwa chake mtima umathamangira kowonjezera. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene anzako akumanga dongosolo lawo pa mawu ako, kudalirika kwako ndi mphamvu imene onse anayi amaigwiritsa ntchito.

Chachitatu, kumbukirani kuti manja ali ndi malire. Khadi latsopano lililonse limatulutsa lakale. Funso loyenera si lakuti khadili ndi labwino kapena ayi, pakuti pafupifupi onse ndi abwino. Funsani kuti lilowa m'malo mwa liti, ndipo ndani ankadalira limene likutulukalo. Muyang'anenso nambala ya liwiro imene ili pakati pa khadi, chifukwa yocheperapo ndiyo imayamba kuyenda. Mankhwala ofika mdani atamenya kale ndi osiyana kwambiri ndi ofika asanamenye.

Chachinayi, musamve ngati ndikunena kuti aliyense akhale wochiza. Ntchito ya Scoundrel wa mlamu wanga idali kugwetsa mdani wamkulu msanga, ndipo kwa iye kuwonjezera mphamvu yomenyera ndiko kudali kutumikira gulu. Akadayamba kugula zishango n'kumabisala kumbuyo, akadalakwa monga momwe ine ndidalakwira. Ine cholakwa changa chidali kusirira ntchito ya mnzanga n'kusiya yanga yopanda mwini. Ndipo zosowa za gulu zimasintha. Msilikali wa mlamuyo atapuma, n'kulowa wina wa mtundu wina, tidasowa womenya, ndipo pamenepo makhadi anga amphamvu aja adapeza nthawi yawo. Khadi lomwelo lidali kupusa mwezi wina, nzeru mwezi wina.

Mlengi wa masewerawa adadziwa bwino mtima wa munthu. Adaikamo dala zinthu zokoka aliyense kumbali yake. Pa nkhondo iliyonse umalandira kacholinga kachinsinsi, ndipo ukasonkhanitsa zizindikiro zitatu kuchokera ku ticholinga timeneti umachonga kabokosi kena. Ndalama zogwa pansi ndi za amene wazitola. Msilikali aliyense alinso ndi cholinga chachikulu cha moyo wake, chimene akachikwaniritsa amapuma pa ntchito. Choncho mayesero osiya anzako pamoto kuti ukatole kandalama amakhalapo pa ulendo uliwonse, ndipo si nthawi zonse pamene kutola kuli kulakwa, pakuti msilikali wopanda ndalama sakula, ndipo wosakula amalemetsa anzake. Nzeru yake ndi kudziwa nthawi, ndi kunena poyera kuti anzako akonzekere. Tidapangana kuti aliyense akakwera msinkhu aziyala makhadi awiri aja pa tebulo, onse anenepo maganizo awo, kenaka mwini wake asankhe yekha. Palibe amene adalandidwa ufulu, koma palibenso amene ankasankha m'chimbulimbuli.

Pali njira imodzi yokulira imene ndasungira kumapeto. Nkhani ya masewerawa ikafika pena pake, mumaloledwa kugula timapepala tomata pa makhadi a m'manja. Kuwonjezera 1 pa mphamvu yomenyera ya khadi la msinkhu woyamba kumadya ndalama 50, pamene kuwonjezera 1 pa kuchiza kapena pa kuyenda kumadya 30. Kusiyana kwa timapepalati ndi zina zonse n'kwakuti sitichoka. Msilikali akapuma, ndalama zake, zida zake ndi timabokosi take zonse zimatha, koma kapepala komata kamatsala pa khadi, kudikira aliyense amene adzatenge msilikali wa mtundu umenewo m'tsogolo. Kamunthu kanga katatsala pang'ono kupuma, ndidali ndi ndalama zokwanira kapepala kamodzi. Ndidakamata pa khadi lochizira limene poyamba ndinkalisiya m'bokosi.

Patapita miyezi ingapo, Brute wa mng'ono wanga nayenso adapuma. Tonse tinkayembekeza kuti atenga msilikali watsopano wa m'timabokosi tosatsekula, koma iye adapempha Tinkerer. Adati akufuna alaweko kuima kumbuyo. Akusanthula makhadi adapeza kapepala kaja, nakapapasa ndi chala.

"Achimwene, apa pokha mudaganiza bwino," adatero akuseka.

Usiku umenewo woima kutsogolo ndidali ine, ndipo kawiri konse pointi imodzi ya kapepala kaja ndiyo idandisunga pa bwalo. Sindikunena kuti masewera adamupezera ntchito. Makalata adapitiriza kuponya kwa miyezi ina yambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa nyengo yovutayo padali malo amodzi pamene ankafunika, ndipo ine ndidatsala pang'ono kumulanda malowo chifukwa cha khadi la +3.

Sabata ino ndikusiyirani mafunso atatu oti mulingalire, kaya mumasewera kaya simusewera. Kodi m'gulu limene muli, kunyumba, kusukulu kapena pa bwalo la mpira, ndani amene amaima kutsogolo n'kumalandira mikwingwirima imene inu mukadatha kuichepetsa? Kodi khadi lanu la -1 limene mumalidziwa bwino, kuchedwa, kuiwala lonjezo, kupsa mtima msanga, limalipiridwa kuchokera m'manja mwa yani? Nanga mwayi wokula ukadzakupezaninso, mudzayamba mwafunsa ndani musanachonge kabokosi?

Ndikufunirani sabata yabwino. Tidzachezanso sabata yamawa.